Texture ya khoma la njerwa yosaoneka msoko pa GIMP: momwe ntchito ikuyendera

Ndikumanga kanyumba ka 3D mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, ndipo khoma lake pamodzi ndi pabwalo pake zikufuna ma texture, zithunzi zokutira pamwamba pa zinthu za 3D, oti akabwerezedwa kambirimbiri munthu asaone msoko, pomwe chithunzi chathera n'kuyambiranso. Ndikulemba zonse pano pomwe ndikupanga kuti amene akufuna kuyesa aone pomwe pamavuta. Zida ndi foni, GIMP 2.10 ndi Krita pang'ono zokonzera zithunzi, ndi Blender, mapulogalamu onsewa ndi aulere ndiye ndalama sizituluka, chomwe chimapita ndi nthawi komanso RAM ya kompyuta. Ndikufuna texture ya 2048 x 2048 yokhala ndi mamapu atatu, ya mtundu, normal map yomwe imapangitsa malo osalala kuoneka okwera ndi olowa kuwala kukagwa, ndi roughness yomwe imauza Blender pomwe panyezimire ndi pomwe pasanyezimire.

3 Juni, kujambula

Zithunzi zoyamba ndinajambula dzuwa likuwala ndipo pafoni zimaoneka zokongola kwambiri koma nditaziika pa kompyuta palibe ndi chimodzi chomwe chogwirira ntchito. Dzuwa limabwera cham'mbali ndiye njerwa iliyonse ili ndi kamthunzi kake pansi ndi kumanja, mithunzi imeneyo yalowa mu chithunzi ndipo siichoka, mu Blender ukadzaika nyale kumanja mthunzi wa pachithunzi ukhalabe ukuloza kumanja komweko ndipo diso limazindikira msanga kuti pali chinachake chabodza. Ndinadikira tsiku la mitambo n'kujambulanso. Kuwala kwa mitambo ndi kofewa, kumachokera mbali zonse, ndiko kumene mukufuna.

China ndi lenzi. Kamera yaikulu ya foni ndi yotambalala, ukayandikira khoma kuti njerwa zidzaze sikirini mizere ya m'mphepete imapindika, komanso njerwa za m'makona umaziona cham'mbali pomwe za pakati ukuziona maso ndi maso. Ndinabwerera m'mbuyo ndithu n'kugwiritsa lenzi ya 2x, mizere inawongoka bwino. Ngati foni yanu ilibe lenzi yachiwiri musakoke zoom ndi zala chifukwa imeneyo ingodula chithunzi n'kuchikulitsa, bola kuima patali n'kudzadula nokha pa kompyuta. HDR ndinaizimitsa chifukwa imasewera ndi kuwala malo ndi malo, pena imawalitsa pena imadetsa, ndipo pa texture zimenezo zimadzasanduka mawanga.

Jambulani malo aakulu kuposa omwe mukufuna. Njerwa zapadera za m'mbali zimadzathandiza kutsogolo pofuna zigamba, ndipo ndikanatha ndikanalemba mawu amenewa ndi zilembo zazikulu.

5 Juni, kuwongola ndi kudula

Ngakhale munthu uyime mowongoka bwanji foni imapendekeka pang'ono. Mizere ya simenti pachithunzi changa imatsika kupita kumanja ndipo njerwa za pamwamba zinali zazing'ono kuposa za pansi. Ndinakoka ma guide, timizere toongolera, kuchokera pa rula, awiri ogona awiri oimirira, kenako chida cha Perspective, Shift+P. Apa chomwe chinandithandiza ndi kusintha Direction kukhala Corrective, pamenepo m'malo mokoka chithunzi mongoyerekeza umangoika makona anayi a gridi pa makona a njerwa omwe ukudziwa kuti pakhoma penipeni ndi bokosi loongoka, ukadina Transform GIMP imawongola yokha. Zinatheka kamodzi kokha osavutika.

Koma mizere ina sinagwirizanebe ndi ma guide, ndipo limeneli si vuto la kamera, ndi momwe khomalo analimangira, mmisiri ndi munthu ndiye mzere wina umakwera timamilimita pang'ono pakati. Pakati pa chithunzi zimenezi zilibe kanthu, zimapangitsanso khoma kuoneka lenileni, chofunika ndi choti mzere uliwonse pomwe watulukira kumanja ukhale pa msinkhu womwewo womwe walowera kumanzere. Mizere itatu yomwe imasiyana ndinaikankha pang'onopang'ono ndi Warp Transform, burashi yaikulu kwambiri kuti njerwa zisaoneke zopindika.

Kudula ndiye pofunika kuwerenga. Khoma ili ndi lija njerwa ya mzere wapamwamba imakhala pakati pa njerwa ziwiri za pansi, ndiye kamangidwe kake kamabwereza pakatha mizere iwiri. Kutanthauza kuti mizere yomwe mwadula ikuyenera kukhala 2, 4, 6, 8 kumapita choncho. Mukadula mizere 11 kapena 13, pobwereza mzere womaliza ukumana ndi mzere woyamba wofanana nawo, mizere ya simenti yoimirira ikhala pamodzimodzi ndipo palibe burashi yomwe ingakonze zimenezo. Pakhoma langali njerwa imodzi ndi simenti yake m'litali ikufanana ndi mizere itatu kutalika, ndiye njerwa 4 chopingasa ndi mizere 12 chokwera zikupanga sikweya. Ndinadula pakati penipeni pa simenti pamwamba ndi pansi, kuti theka la simenti ya pamwamba likakumane ndi theka la pansi. Zinatuluka 2210 x 2174, ndiye ndinamasula katcheni ka pa Scale Image n'kuzikakamiza kukhala 2048 x 2048, kusiyana kochepa chonchi diso silikuona.

Chonde sikelo yomaliza pangani pano msoko musanaukhudze. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogolo.

6 Juni, Offset

Layer, Transform, Offset, kapena Shift+Ctrl+O, n'kudina kabatani ka theka la m'lifupi ndi theka la kutalika, Wrap around ikhale yosankhidwa. Zomwe zimachitika ndi zoti m'mphepete monse mwa chithunzi mumabwera pakati n'kupanga mtanda, ndipo zomwe zinali pakati zimapita m'mphepete. Mtanda umenewo ndiye msoko wanu, mukaubisa basi texture yalumikizana.

Ulendo woyamba zinatuluka zachilendo, m'malo mwa mtanda pakati ndinaona njerwa zina zomwe ndinazidula kale zabwereranso mu chithunzi ndipo msoko uli pambali. Ndinafufuza kwa kanthawi ndithu. Nkhani yake ndi yoti kuyambira GIMP 2.10.20 chida cha Crop sichitaya zomwe wadula pokhapokha utachonga Delete cropped pixels, chimangochepetsa canvas, malo omwe akuoneka, koma leya yomwe pali chithunzicho imakhalabe yaikulu kuseri, ndipo Offset imazungulira pa malire a leya osati a canvas. Mankhwala ake ndi Layer, Layer to Image Size musanapange Offset. Kamzere kachikasu kodukaduka kaja kakuyenera kukhala ndendende m'mphepete mwa chithunzi, kakakhala kunja dziwani kuti pali ma pixel obisala.

Nditakonza zimenezo mtanda unabwera pakati ndipo mizere ya simenti inakumana bwinobwino, zomwe zinandisangalatsa kwambiri. Koma kuwala ayi. Kagawo ka pamwamba kumanzere ndi kodera, ka pansi kumanja ndi kowala, mabokosi anayi oonekeratu ngakhale utaima patali ndi sikirini. Pachithunzi chisanasunthidwe sindimaona n'komwe kuti pamwamba pakhoma ndi powala kuposa pansi chifukwa kusinthako ndi kwapang'onopang'ono, kuwala kwa kumwamba kumagwa kwambiri kumtunda kwa khoma, komanso lenzi imadetsa makona. Offset ikangoika mbali ziwirizo pamodzi kusiyana konse kumaonekera pamzere umodzi.

Ndinayesa kaye kupaka ndi Clone, chida chokopa malo ena a chithunzi n'kuwapaka pena, pamsokopo kuti ndione, msoko wakuthwa unachokadi koma nditabwereza texture panatuluka mikwingwirima yogona, kowala kodera kowala kodera mpaka pamwamba. Ndiye ndabweza Offset, kuwala kuyambe kwakonzedwa.

9 Juni, kufananitsa kuwala

Gawo ili ndi lomwe ndaona kuti ndilo ntchito yeniyeni, ndipo anthu ambiri pophunzitsa amalidumpha n'kuthamangira ku Clone. Ndinayamba ndi Image, Precision, 16 bit integer chifukwa pa 8 bit mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256 okha, ukachotsera n'kuphatikizanso kangapo pamatuluka timizere tamasitepe m'malo osalala.

Njira yake ili chonchi. Ndinapanga kope ya leya n'kuiika pamwamba, n'kuipaka Gaussian Blur yaikulu mpaka njerwa zonse zitasungunuka kutsala mtambo wa kuwala kokha, powala ndi podera. Leya yosungunukayo ndinaisintha mode kukhala Grain extract, imene imachotsera leya yapamwamba pa yapansi n'kuikapo imvi yapakati. Zotsatira zake ndi njerwa zonse zili ndi kuwala kofanana koma zotuwa, mtundu wathawa. Kuti mtundu ubwerere ndinatenga mtundu wapakati wa chithunzi choyamba, njira yosavuta ndi kupanga kope ya chithunzi n'kuichepetsa mpaka pixel imodzi n'kutola mtundu wake ndi Color Picker, kenako leya yatsopano yodzaza ndi mtundu umenewo, mode Grain merge, pamwamba pa zonse. Njerwa zinabwerera kufiira kwake, kuwala kuli kofanana ponseponse. Pali fyuluta ya High Pass pansi pa Enhance yomwe imachita zofanana ndi zimenezi kamodzin'kamodzi koma ine ndimakonda maleya chifukwa ndimatha kuona mtambo womwe ndikuchotsawo ndi maso.

Pomwe panavuta ndi kukula kwa blur. Nditaika 60 khoma linatuluka lakufa, njerwa zonse mtundu umodzi, chifukwa blur yaing'ono chonchi imatenga njerwa imodzi ngati ndi kuwala kofunika kuchotsa, ndipo m'mbali mwa simenti munabwera kamkombero kakuda. Nditaika 500 mtundu wa njerwa unasungika koma madontho aakulu a chinyezi pansi pakhoma anatsala. Ndinakhazikika pa 250, pafupifupi theka la njerwa imodzi popeza njerwa yanga ndi ma pixel 512 m'litali. Nambala imeneyi musaikope, yang'anani kukula kwa chinthu chachikulu chomwe mukufuna chisungike pa texture yanu ndiye muyese kuyambira pamenepo.

Vuto lina linali m'mphepete. Blur ikafika kumapeto kwa chithunzi ilibe ma pixel ena oti iwerenge ndiye imangobwereza omaliza, ndipo popeza ine ndinadula pakati pa simenti yomwe ndi yoyera, blur inaganiza kuti kunjako konse ndi koyera, n'kudetsa njerwa za pamwamba ndi pansi pochotsera. Apa ndi pomwe kujambula malo aakulu kunandipulumutsa, ndinabwerera ku chithunzi chowongoledwa chisanadulidwe, n'kukonza kuwala pamenepo, n'kudula pambuyo pake, zolakwika za m'mphepete zinapita ndi zodulidwazo. Ndiye ndondomeko yoyenera ndi kuwongola, kuwala, kudula, sikelo, kenako Offset. Nditapanganso Offset mtanda unali wovuta kuupeza pokhapokha utayandikira.

12 Juni, kubisa msoko

Msoko wogona unali wosavuta chifukwa wonse ukudutsa mu simenti, ndinangodutsamo ndi Clone, Ctrl n'kudina pa simenti ya mzere wina kutenga gwero, burashi yaing'ono. Woimirira ndiye wa ntchito, pamizere 6 ukudutsa mu simenti koma pamizere 6 inayo ukudula njerwa pakati, theka lakumanzere ndi la njerwa ina lakumanja la ina, pena ina yofiira ina yakuda.

Heal ndinaiyesa ndipo pakati pa njerwa imachita bwino, imatenga makhwinya a gwero n'kuwafananitsa ndi mtundu wa pomwe ukupaka, koma ukangoyandikira simenti imakoka kuyera kwa simentiyo n'kukupaka panjerwa, pamatsala kachifunga koyera. Clone ya burashi yofewa nayo ili ndi vuto lake, m'mbali mwa burashi zithunzi ziwiri zimasakanikirana theka ndi theka ndiye timadontho takuthwa ta njerwa timafufutika, ukamaliza msoko wachoka koma pali mzere wosalala womwe ukuoneka kuposa msokowo. Ndinakweza Hardness kufika cha m'ma 75 zinachepako.

Koma njira yomwe yagwira bwino kuposa zonse ndi kusiya kupaka, n'kungosintha njerwa yonse. Ndinatsegula chithunzi chachikulu chija chokonzedwa kuwala, n'kusankha njerwa yathunthu ya kunja kwa malo omwe ndinadula, kuikopa pamodzi ndi simenti yake pang'ono mozungulira, kuiika pa leya yatsopano pamwamba pa njerwa yodukayo, layer mask yomwe imabisa mbali za leya osazitaya, n'kufufuta m'mbali motsatira simenti. Simenti imabisa chilichonse chifukwa ndi yosokonekera kale. Njerwa 6, zigamba 6, msoko woimirira unatha ndipo palibe malo osalala. Kungoonetsetsa kuti chigambacho chili pa sikelo imodzi ndi texture, ine ndinachepetsa kope ya chithunzi chachikulucho ndi maperesenti omwewo.

Chenjezo limodzi, mikono ya mtanda imafika m'mphepete mwa chithunzi, ndipo burashi ikagunda m'mphepete mwapanga msoko watsopano chifukwa mbali inayo sinapakidwe. Ndinasiya ma pixel angapo kumapeto osakhudza, n'kuphatikiza maleya, n'kupanga Offset ina ya 512 ndi 512 kuti malo anayi amenewo abwere mkati, n'kuwakonza. Krita pa nkhani iyi ili bwino kwambiri, View, Wrap Around Mode, chithunzi chimadzibwereza mbali zonse pa sikirini ndipo burashi ikatuluka kumanja imalowera kumanzere yokha. Zokonza zing'onozing'ono zomaliza ndapangira kumeneko. Amene muli ndi Photoshop muli ndi Pattern Preview yomwe imachita chimodzimodzi.

14 Juni, kuyesa patali

Filters, Map, Tile, 6144 x 6144, kutanthauza katatu mbali zonse, Create new image. Kompyuta inalemera kwambiri chifukwa chithunzi chotere pa 16 bit chimadya pafupifupi 300 MB leya imodzi, ndiye poyesa bola kupanga kope, kuichepetsa kufika 512 n'kuibwereza kasanu ndi kamodzi, zimakhala zopepuka ndipo zimaonetsa zambiri.

Msoko palibe, ndinausaka osaupeza. Koma texture ikuonekabe kuti ikubwerezedwa, ndipo kuonekera kwake ndi kwakukulu. Pali njerwa imodzi yakuda yopsa kwambiri, pali ina yothethuka pakona, ndi kadontho koyera ka laimu, zitatu zimenezi zikubwera pamalo omwewo mzere ndi mzere ngati maluwa a pansalu. Pafupi zinthu zimenezi ndi zomwe zimakongoletsa chithunzi ndipo zinandiwawa kuzichotsa, koma chilichonse chomwe diso lingachigwire n'kuchikumbukira chidzaulula texture yonse. Yakudayo ndinaisankha n'kuiwalitsa ndi Curves kuti ikhalebe yoderako koma isamaonekere payokha, yothethukayo ndinaisintha ndi chigamba, laimu ndinapaka ndi Heal.

Kuti ndipeze zina zomwe maso amaphonya ndinatenga chithunzi chobwerezedwacho, blur pang'ono, kenako Levels kukokera mbali zonse mkati mpaka contrast itakwera kwambiri. Panatuluka kamzere kopendekeka ka njerwa zowala zitatu zotsatizana komwe sindimakaona, koma nditakadziwa ndinayamba kukaona ponseponse. Ndinadetsa yapakati pang'ono kamzereko kanaduka.

Ngakhale zili choncho njerwa 48 ndi zochepa pakhoma lalitali. Maganizo anga ndi oti njerwa 4 chopingasa ndi zokwanira pa kakhoma kakang'ono kapena pomwe pali mawindo ndi zitseko zodula khomalo, koma pakhoma lalitali lopanda kanthu pakufunika 8 ndi mizere 24, ngakhale njerwa iliyonse itsike kufika ma pixel 256. Kuthwa kwa pafupi munthu amakuona akayandikira basi pomwe kubwereza amakuona nthawi yomweyo akangoyang'ana.

18 Juni, timiyala ta pabwalo

Texture ya timiyalayi ndinkaganiza kuti itenga nthawi koma yathamanga chifukwa ndondomeko ndiyomweyo ndipo palibe mizere yowerenga. Ndinajambula foni italoza pansi ndendende, mkono utatambasuka kuti mapazi asalowe.

Apa ndinayesa Filters, Map, Tile Seamless, yomwe panjerwa sindinaiganizire n'komwe. Imatenga kope yosunthidwa theka n'kuisakaniza ndi chithunzi pang'onopang'ono kupita m'mphepete, ndiye msoko umachokadi ndi kudina kamodzi, koma malo osakanizawo timiyala timaoneka tiwiritiwiri, kena kakuonekera mkati mwa kanzake, ndipo contrast imatsika. Pa mchenga wosalala kapena pulasitala ingathe kugwira, pa chilichonse chokhala ndi m'mbali mooneka ayi. G'MIC, pulagini yaulere, ili ndi Make Seamless ya Patch-Based yomwe inachita bwinoko chifukwa imatenga tizigamba m'malo mosakaniza, komabe timiyala tina tinatuluka todulidwa pakati. Ndinamaliza ndi dzanja, leya ya chithunzi choyamba pansi, yosunthidwa pamwamba, mask, n'kufufuta mtanda ndi burashi yolimba mokhotakhota kutsatira mipata yakuda ya pakati pa timiyala. Mzere wokhotakhota diso siliutsata.

Mwala umodzi waukulu woyera ndi katsamba kouma ndazichotsa pa chifukwa chomwe chija.

21 Juni, normal map ndi Blender

Njira yachidule yomwe ambiri amachita ndi kuchotsa mtundu pachithunzi n'kuchiponya mu fyuluta ya normal map. Panjerwa sizigwira. Fyuluta imatenga poyera ngati pokwera, pakuda ngati polowa, ndipo simenti yanga ndi yoyera kuposa njerwa ndiye inatuluka itatukuka pamwamba pa njerwa. Kungotembenuza ndi Invert kumakonza simenti koma timaenje takuda ta panjerwa timasanduka timatuza. Ndinapanga height map yanga, chithunzi chotuwa choonetsa pokwera ndi polowa chomwe normal map imachokerapo, leya yapansi imvi yowala, simenti ndinaisankha ndi Select by Color n'kukonza ndi dzanja pomwe yaphonya, kuidzaza imvi yakuda, blur yaing'ono kuti m'mbali mwa njerwa mutsetsereke, kenako chithunzi chopanda mtundu pamwamba pa opacity yotsika kwambiri kuti makhwinya a njerwa alowe pang'ono.

Blur imeneyo inabweretsanso msoko, kamzere kopyapyala m'mphepete, pa chifukwa chomwe chija choti blur sidziwa kuti chithunzi chimazungulira. Scale Image nayo imachita zomwezi, n'chifukwa chake ndinati sikelo ichitike msoko usanakonzedwe. Njira yomwe ndikugwiritsa tsopano pa fyuluta iliyonse yowerenga ma pixel oyandikana ndi kubwereza chithunzi katatu mbali zonse, kupanga fyuluta, n'kudula bokosi lapakati ndi manambala enieni, poyambira 2048 ndi 2048, kukula 2048 x 2048. Pa Filters, Generic, Normal Map pali kabokosi ka Tileable, kachongeni, kamachita ntchito imeneyi kokha.

Mu Blender ndinalumikiza ma node, timabokosi tolumikizana ndi zingwe, Texture Coordinate, Mapping, Image Texture zitatu, ya normal kudzera mu node ya Normal Map. Khoma linatuluka lonyezimira modabwitsa ndipo kuwala kukugwa mopendekeka, chifukwa Image Texture imayamba ili pa sRGB, pomwe normal ndi roughness si mitundu yoti munthu aone, ndi manambala, ndiye Color Space ikuyenera kukhala Non-Color. Nditasintha kupendekeka kunatha koma nyale ikakhala pamwamba njerwa zimawala pansi. Limenelo ndi vuto la channel yobiriwira, pali mitundu iwiri ya normal map, ya OpenGL yomwe Blender, Unity ndi Godot amagwiritsa, ndi ya DirectX ya Unreal (Unity, Godot ndi Unreal ndi mapulogalamu opangira magemu), zimasiyana poti yobiriwira ndi yotembenuzidwa. Ndinapanganso normal map nditasintha Flip Y ndipo zinakhala bwino. Osangokhulupirira, ikani nyale pamwamba muone ngati m'mphepete mwa pamwamba pa njerwa ndimo mukuwala.

Njerwa za khoma la m'mbali zinatuluka zotambasuka chifukwa bokosi la nyumbayo ndinalikulitsa mu Object Mode, Ctrl+A n'kusankha Scale kenako Cube Projection pa UV, momwe chithunzi chayalidwira pa bokosilo, zinakonza.

Mamapu onse atatu akuyenera kuchokera pa chithunzi chimodzi chomaliza, mukapanga Offset pa imodzi pangani pa zonse ndi manambala omwewo, apo ayi simenti ya mtundu ikhala pena simenti yolowa pena. Ine ndawaika onse ngati maleya mu fayilo imodzi ya XCF, mtundu wa fayilo ya GIMP.

24 Juni, kusunga ndi zotsala

Ndasunga zonse mu PNG. JPEG imagawa chithunzi m'timabokosi ta ma pixel 8 x 8 n'kutaya zina, pa mtundu ungapirire ukaika quality yapamwamba koma pa normal map timabokosi timeneto timaoneka kuwala kukagwa cham'mbali. Dziwaninso kuti kukula kwa fayilo pa disiki si komwe kumawerengedwa ikatsegulidwa, 2048 x 2048 ya ma channel anayi pa 8 bit ndi 16 MB yosapanikizidwa, ma mipmap, makope ochepetsedwa oonera patali, amawonjezera gawo limodzi mwa atatu, ndiye 4096 ndi kanayi kuposa pamenepo. Roughness ndaitsitsa kufika 1024 ndipo sindikuona kusiyana.

Kubwereza komwe kunatsala pakhoma lalitali ndakuchepetsa mu Blender momwemo, Noise Texture ya sikelo yotsika kuti mawanga ake akhale aakulu kuposa texture, ColorRamp kuti isade kwambiri, n'kuisakaniza ndi mtundu pa Multiply. Mawanga akuluakulu omwe ndinachotsa pa 9 Juni abwereranso koma tsopano sakubwereza pamodzi ndi njerwa, ndipo khoma layamba kuoneka lokhalitsa. Pa timiyala ndawonjezera kope yachiwiri ya texture yomweyo yotembenuzidwa pa Mapping ndi sikelo yosiyana pang'ono, n'kusakaniza ziwirizo ndi Noise ngati mask, njira imeneyi panjerwa singatheke chifukwa mizere ingasemphane.

Chotsala ndi pakona pa nyumba, pomwe makoma awiri akukumana njerwa sizikulumana momwe zimakhalira pakhoma lenileni, mzere wina ukuthera pa simenti mbali zonse ziwiri. Ndikufuna kuyesa kusuntha UV ya khoma limodzi ndi theka la njerwa, 0.125 pa X popeza njerwa ndi 4, ndione ngati zilumane. Komanso ndikajambulanso khoma lomwe lija nditaima patali kuti ndipeze njerwa 8 ndi mizere 24, mitambo ikangobwera.